Kamsilikali Kaulere ka a Nungu

Padangokhala! Aa, mwayankha ngati odwala malungo. Ndati padangokhala! Eya, tsopano tili tonse.

Kalekalelo, nyama zikadakwatirana osayang'ana kuti uyu ngwa minga, uyu ngwa ziboda, kunali Njiri. Njiri mukumudziwa, za nkhope yake tisanamizane. Zotupa m'masaya, mano otulukira kunja, tsitsi losadziwa chipeso. Koma paja amati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo nyimbo ya Njiri inali ulemu. Amake anamulera mwamwambo. Akakumana ndi wamkulu ankapatuka panjira, akapatsidwa kanthu ankalandira ndi ziboda zonse ziwiri, ngakhale podya udzu ankayamba wagwada.

Njiriyu anakonda Namilanzi, mtsikana wa kutsidya kwa dambo, ndipo mtsikanayo naye sanakane. Vuto linali amalume ake a mtsikanayo, a Nungu, eni mbumba. Popanda iwo kuvomera, ukwati panalibe.

A Nungu anali ndi masewera otchedwa chesi. Thabwa lake ndi tizidole take anachita kutola kumsewu, zitagwa m'lole ya mphunzitsi wina amene ankasamuka. Chesi ndi nkhondo ya pathabwa: uku mfumu ndi anthu ake, uko mfumu ndi anthu ake, kutsogolo kwa aliyense mzere wa tiasilikali ting'onoting'ono. Ukachotsa chidole cha mnzako amati wadya, monga pabawo. Mfumu yako ikasowa kothawira, basi, wagonja.

Tsono a Nungu anaika lamulo. Wofuna Namilanzi awagonjetse pachesi. Akagonja iyeyo, awalimire munda dzinja lonse.

Anabwera Fisi. A Nungu anakankha kamsilikali kamodzi pakati, Fisi naye anakankha kake, tinayang'anizana. Kenaka a Nungu anakankha kachiwiri, n'kukaika pakamwa penipeni pa kamsilikali ka Fisi, kopanda wokateteza.

"Idyani, alendo. Kwathu kuno mlendo sabwerera ndi njala."

Fisi n'kumuuza kawiri? Anadya. Iye akutafuna, anthu a a Nungu anakhamukira pakati, akavalo uku, mfumukazi uko, ake a Fisi akadali m'tulo kunyumba. Dzuwa lisanapendeke, Fisi anali atagwira khasu. Anabwera Nyani, wodzitama kuti ndi wamanja. "Idyani, alendo." Anadya. Khasu. Munda wa a Nungu unkangokula chaka ndi chaka, eni ake ali pamthunzi kunona, Namilanzi akungokhala pakhomo, anzake onse atabereka.

Njiri atamva izi anapita kwa a Khwangwala, aja a kolala yoyera, amene anakhalitsa padenga la sukulu mpaka anadziwa chesi pongosuzumira pazenera. A Khwangwala anavomera kumuphunzitsa, anavomeranso kukhala nkhoswe yake. Koma kuphunzitsa Njiri inali ntchito, abale. Mayendedwe a zidole anawagwira, koma chifukwa chake sankachimva. Ankafunsa kuti kavalo amalumpha bwanji mfumu, si mwano umenewo? Pomaliza a Khwangwala anatopa.

"Iwe, zonse ndakuuzazi iwala. Gwira chimodzi chokha. Akakupatsa, usadye."

"Ndisadye?"

"Usadye! Chaulere cha pakhomo pa a Nungu chili ndi mbedza m'kati."

Njiri anabwerera kwawo akubwereza mawuwo kuti angatayike panjira. M'mawa wa tsiku la ulendo amake anamuitana, n'kumukhazika pansi.

"Mwanawe, ukupita kwa eni ake. Usakandichititse manyazi. Gwira chimodzi chokha. Akakupatsa, usakane."

"Ndisakane?"

"Usakane! Wokana chakudya cha eni mudzi ndiye kuti akuwayesa afiti."

"Koma amayi, a Khwangwala anati..."

"A Khwangwala anakubereka?"

Apo Njiri mutu unaima. Ananyamuka, a Khwangwala akuuluka pamwamba pake, iye akudutsa dambo n'kumaimba chapansipansi:

Ndidye, ndisadye?
Amayi ati idya,
A Khwangwala ati leka,
Ine mutu ndi umodzi.

Anafika dzuwa litakwera. Anthu anali atadzaza kale pansi pa mkuyu, chifukwa kuonerera mkamwini akugwa n'kokoma kuposa gule. Ngakhale Fisi ndi Nyani anaima kumalire kwa munda atatsamira makasu. Atalonjerana, Namilanzi anatuluka ndi mbale ya mbatata yootcha ndi chikho cha thobwa. Anagwada, n'kuika pamaso pa Njiri. Fungo la mbatatayo, ana inu! M'mimba mwa Njiri munalira mpaka a pambali anamva.

Anatambasula ziboda. Kenaka mawu aja anamufikira: chaulere cha pakhomo pa a Nungu chili ndi mbedza m'kati. Anasuzumira m'mbale, anasuzumira m'chikho. Mbedza sanaione, koma mbedza yooneka ingakole ndani? Anabweza ziboda.

"Zikomo. Sindidya."

Namilanzi anamuyang'ana.

"Mwati bwanji?"

"Ndati... zikomo."

"Ndadzuka m'mamawa kukakumba mbatata imeneyi. Thobwali ndaphika ndekha, ndikuganiza za inu." Anatola mbale yake misozi ili lengelenge, n'kukakhala pakhonde atatembenukira kukhoma.

A Khwangwala anatsikira pa khutu la Njiri. "Chitsiru iwe! Ndinanena za pathabwa!"

"Simunanene kuti pathabwa. Munati pakhomo."

"Nanga mbatata imatchera munthu?"

"Ndiye ndikanadya?"

"Ukanadya!"

"Ndiye ndizidya?"

"Usadye!"

Njiri anagwira mutu. Anamva chisoni chachikulu, chifukwa anali atakhumudwitsa munthu yemweyo amene anamudzera, ndipo sankadziwa kuti walakwa pati penipeni.

A Nungu ndiye anakondwa, minga yonse ikuchita kunyezimira. Anaona kuti mnyamatayu wachenjezedwa, choncho anafuna kumutsekera njira pamaso pa anthu. Anaimirira, anakonza kukhosi.

"Abale, mwaona nokha. Ana a masiku ano! Ine pamudzi panga pano ndimanena poyera: wokana chimene wapatsidwa ndi wamwano, ndi wosaleredwa, amake ndi osadziwa mwambo. Kaya ndi mwana, kaya ndi wamkulu wa imvi, wokana chopatsidwa si munthu. Ndanama?"

"Simunaname!" anayankha anthu.

Njiri atamva amake akutchulidwa, makutu anagwa. Thabwa linabwera. A Nungu anakumbutsa kuti woonerera aliyense atseke pakamwa, woyankhula ndiye kuti wagonjetsa mnzake, ndipo ponena izi ankayang'ana a Khwangwala. A Khwangwala anakwera panthambi.

A Nungu anakankha kamsilikali pakati. Njiri anakankha kake. A Nungu anakankha kachiwiri kaja, n'kukaika pakamwa pa kamsilikali ka Njiri.

"Idyani, alendo. Kapena mukananso?"

Njiri thukuta kamukamu. Anayang'ana kumwamba: a Khwangwala akupukusa mutu mpaka kolala kupotoka. Anayang'ana kukhonde: Namilanzi wapereka msana. Anayang'ana kumunda: Fisi akumuonetsa khasu lachitatu, akuseka. Akadya, khasu, ndipo Namilanzi wapita. Akakana, amake atukwanidwa kachiwiri, ndipo ndani angapereke mwana wake kwa munthu wamwano? Nyimbo ija inangotuluka yokha:

Ndidye, ndisadye?
Amayi ati idya,
A Khwangwala ati leka,
Ine mutu ndi umodzi.

Anthu anafa nalo phwete. A Nungu anati, "Tabwera kudzasewera kapena kudzamvera kwaya?"

Njiri anaweramira pathabwa, kuyang'anitsitsa tiasilikali tiwiri tija. Anayang'ana, anayang'ana, mpaka anaona chinthu chimene chinamudabwitsa. Tiasilikali timadya chopingasa. Ngati kake kakanatha kudya ka a Nungu, ndiye kuti ka a Nungu nakonso kakanatha kudya kake. Mbale inali imodzi, odya awiri. Za nkhondo Njiri sankazidziwa, koma za mbale imodzi ya anthu awiri, izo ndiye anakulira momwemo. Nkhope yake inamasuka. Anagwada, anaomba m'ziboda.

"Pepani bambo, ndinatsala pang'ono kuchita mwano wina. Sindikukana ayi. Koma mwana sapisa dzanja m'mbale akulu asanayambe. Kamsilikali kanga ndi aka, ndakupatsani. Ayambe ndi akulu."

"Chiyani?"

"Yambani ndinu, bambo. Ine nditsatira."

"Iwe, nthawi ndi yako! Yendetsa chidole!"

"Zoona, zoona." Njiri anayang'ana mzere wake wakumbuyo, n'kuona chidole chachipewa chosongoka chimene a Khwangwala ankachitcha bishopu. "Eya, chakudya sitidya osapempherera. Abishopu abwere pafupi adalitse." Anawatulutsa chopingasa, n'kuwaimika poti aziona bwino kumudzi kwa a Nungu.

Tsopano mutu woima unali wa a Nungu. Ndikuuzeni chinsinsi, ana inu: a Nungu chesi sankaidziwa kwenikweni. Ankadziwa msampha umodzi wokhawo, ndi njira yake kuchokera pamene mlendo wadya. Zaka zonsezi panalibe amene anakanapo, ndiye kuseri kwa kukana a Nungu anali asanapondeko. Anakanda pachipumi. Anayang'ana kamsilikali ka Njiri. Kanali kaulere ndithu, kopanda wokateteza, ndipo n'chifukwa chake sanakakonde.

"Ine... sindili ndi njala kwenikweni."

Kumunda kunamveka mawu a Nyani: "Kaya ndi wamkulu wa imvi!"

"Woonerera atseke pakamwa!"

"Ife sitikuonerera, bwana, tikulima," anatero Fisi. "Tikungokumbutsana mawu a akuluakulu. Wokana chopatsidwa ndi chiyani paja, a Nyani?"

"Si munthu!"

Anthu anayamba kung'ung'udza. Ena ankati a Nungu adye, ananena okha. Ena ankati kodi wapatsa mnzake ndani, mlendo kapena mwini mudzi? Gogo Fulu, amene anali atangofika kumene ngakhale ananyamuka limodzi ndi anzake, ankafunsa aliyense kuti chakudya chikugawidwa kuti. Namilanzi anatembenuka pang'ono kuti aone.

A Nungu anaona kuti mawu awo omwe awazinga. Manyazi anawagwira, ndipo dyera nalo linawanong'oneza kuti chitsiru chokana mbatata chingatchere msampha wanji? Anatola kamsilikali ka Njiri n'kukaponya pambali.

"Ndadya! Wakondwa?"

"Zikomo kwambiri, bambo, mwandilemekeza."

Njiri anayambanso kuganiza kuti mwambo ukuti chiyani tsopano. Anakumbukira kuti chifikireni anthu ake pathabwapo, palibe amene anakapereka moni kwa mfumu ya eni dziko. Manyazi ake! Ndipo wopereka moni kwa mfumu sangakhale kamsilikali wamba. Anatenga mfumukazi yake, n'kuiyendetsa chopingasa mpaka kumphepete kwa thabwa, pamene inkaonana maso ndi maso ndi mfumu ya a Nungu. Njira inali pululu, chifukwa kamsilikali kamene kankatseka khomo limenelo ndi kaja a Nungu anakatuma kukakhala nyambo.

"Odi kuno! Amayi abwera kudzalonjera."

Panthambi paja a Khwangwala anatsala pang'ono kugwa. Anadziluma phiko kuti asakuwe. A Nungu minga inaima njo. Moni wa mfumukazi pachesi si moni, ndi mkondo, ndipo mfumu yolonjeredwa chotero iyenera kubisala msanga. Mwaphuma, osaganiza, anaikankhira mfumu yawo kutsogolo.

"Aa, mpaka mfumu kudzuka kudzatichingamira?" anatero Njiri, mtima utasungunuka. "Ulemu wake! Tsono poti akulu adya kale, nane ndilaweko pang'ono, mungati ndakananso."

Anatenga mfumukazi ija, n'kudya kamsilikali koyamba ka a Nungu, kaja kanaima pakati kuyambira pachiyambi. Anakalandira ndi ziboda zonse ziwiri, n'kukaika pambali mosamala.

Pabwalo panagwa bata loti ntchentche inkamveka. A Nungu anagwira mfumu yawo. Kutsogolo, mfumukazi. Kubwerera kumbuyo, mfumukazi yomweyo ikuona. Mbali iyi, abishopu aja odalitsa chakudya. Mbali inayo, anthu awo omwe atatsekereza, akadali m'tulo. Anaisiya. Anaigwiranso. Anaisiyanso.

Njiri anayang'ana nkhope za anthu, sanamvetse. Bwanji onse ali chete? Mantha anamugwira.

"Kodi ndalakwanso?"

Anatembenukira kwa a Nungu.

"Bambo, mfumu yanu yatani? Ikudwala?"

"Yafa," anatero a Nungu ndi mawu a m'mimba.

"Yafa? Mayo ine! Waipha ndani?"

"Iweyo."

Njiri anadzigwetsa pansi. Kubwera kudzafunsira mbeta n'kupha mfumu ya eni mudzi! Amake akamva adzalowa pati? Anayamba kulira, misozi ikutsika m'zotupa zija.

"Pepani bambo, sindinadziwe! Ine ndimangopereka moni. Tibwezeretse zonse. Nayu msilikali wanu, ndabweza. Mfumukazi yanga ibwerere kwawo. Mfumu yanu ndakupatsani, itengeni yamoyo, tiyambirenso. Chonde landirani."

Anatambasula ziboda ziwiri, kamsilikali kali pamenepo.

Ana inu, apa ndiye panali poopsa. A Nungu akanangoti zikomo, masewera akanayambiranso, ndipo mwayi wotere subwera kawiri kwa munthu wosadziwa chimene wachita. A Khwangwala anabisa mutu m'phiko. Namilanzi anaimirira pakhonde, dzanja lili pakamwa. Ankafuna kukuwa kuti khalani chete inu, koma akayankhula ndiye kuti wamugonjetsa yekha.

A Nungu anatambasula dzanja. Linafika pafupi, pafupi ndithu. Kenaka linaima. Anayang'ana kamsilikaliko. Anayang'ana misozi ya Njiri. Anaganiza: mnyamata uyu anandipatsa kamsilikali, ndinadya, ndinapsa. Anandipatsa moni, ndinapsa. Anandibweretsera abishopu, ndinapsa. Tsopano akundipatsa mfumu yathunthu, akulira ndi kulira. Nanga mphatso yaikulu chonchi, mbedza yake ingakhale yaikulu bwanji? Mwina akufuna munda. Mwina akufuna mudzi wonse. Iwo eni akapatsa munthu kanthu ankadziwa chimene chili m'kati, ndiye sakanakhulupirira kuti wina angapereke chopanda kanthu m'kati.

Anabweza dzanja mofulumira ngati akhudza mbaula.

"Ayi! Iwe ndakudziwa. Za iwe sindilandiranso!"

"Chonde bambo, n'zaulere."

"N'chifukwa chake! Chotsa! Ndakana, ndakana, ndakanitsitsa! Anthu inu mukhale mboni, masewera atha, ndagonja. Mtsikanayo mutenge, koma mphatso zakozo upite nazo kutali!"

Pabwalo panaphulika. Nthungululu, malikhweru, fumbi koboo! Fisi anagubuduka m'mizere ndi kuseka mpaka anathyola mapesi. A Khwangwala anatsika akukuwa kuti mwana ameneyu ndinamuphunzitsa ndine, zonsezi tinapangana. Bodza lake!

Njiri anali chigwadire, kamsilikali kali m'ziboda, akuyang'ana uku ndi uku. Namilanzi anabwera n'kuima patsogolo pake. Mkwiyo unali utamuthera, ankalephera kudzigwira kuseka.

"Namilanzi, tandiuza zoona," anatero Njiri. "Ndalakwa kapena ndapambana?"

"Zonse ziwiri."

"Ndiye andilanga kapena andipatsa?"

"Akupatsani ine. Kodi mukufuna kufunsanso ngati mulandire?"

Njiri anatsegula pakamwa, anayang'ana kwa a Khwangwala. Namilanzi anamugwira chibwano n'kumutembenuza.

"Osayang'ana kumeneko. Yang'anani kuno."

"Ndalandira," anatero Njiri, ndipo aka kanali koyamba tsiku limenelo kuyankha chinthu osayamba waimba.

Ukwati unachitika atakolola. Kuyambira pamenepo panalibenso wobwera kudzasewera chesi pansi pa mkuyu, poti mbeta inali itapita, ndipo dzinja lotsatira a Nungu anaoneka m'munda mwawo ali okha, atawerama, akufunsa anthu odutsa kuti khasu amaligwira mbali iti.

Nthano yanga yatsikira pamenepo, ana inu, ndipo mawu ake ndi awa: wozolowera kubisa mbedza m'mphatso, tsiku lopatsidwa mphatso yeniyeni amaithawa yekha.